Kodi Agiriki akale anagawadi chikondi panayi?

Funso: Ndine mmodzi wa amayi olangiza achinyamata amene akukonzekera ukwati kumpingo kwathu. Pa maphunziro athu anatiuza kuti Agiriki akale anagawa chikondi panayi, eros, philia, storge ndi agape, ndipo chopambana ndi agape. Kodi zimenezi ndi zimene anthu ngati Plato ndi Aristotle ankaphunzitsadi? Iwo ankati chikondi n'chiyani, ndipo ntchito yake n'chiyani pa moyo wa munthu?

Yankho: Mayi, mawu anayiwo ndi Achigiriki ndithu, amene anakuphunzitsani sanapeke. Koma mndandanda woti chikondi chili panayi ndipo agape ili pamwamba simudzaupeza m'mabuku a Plato, a Aristotle kapena a mfilosofi wina aliyense wa ku Athens. Unatchuka chaposachedwa, makamaka kuchokera mu 1960 pamene C. S. Lewis anatulutsa buku lakuti The Four Loves, ndipo iye ankalemba monga Mkhristu. Afilosofi Achigiriki sankagawa chikondi motero. Mkangano wawo unali pa funso lina: munthu akakonda amakhala akufuna chiyani kwenikweni, ndipo chikondicho chimakamutula kuti?

Tiyambe ndi mawuwo. Eros ndi chilakolako chija chimene chimagwira munthu akaona wokongola, mtima n'kumagunda, tulo n'kuthawa. Philia ndi mawu otakata kuposa "ubwenzi" wathu, chifukwa amakwana pa mabwenzi, pa abale, pa mwamuna ndi mkazi wake, pa anthu ochitira limodzi malonda, ngakhale pa nzika za mzinda umodzi. Storge ndi chikondi cha kholo ndi mwana. Agape ndiwo mawu amene amasokoneza ambiri. Mneni wake, agapao, unalipo kuyambira kale, kutanthauza kukondwera ndi chinthu, kuchisamala kapena kukhutira nacho, koma dzina lakuti agape silipezeka wamba m'zolembedwa za nthawi ya Plato. Linafala pamene Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira Malemba awo m'Chigiriki m'zaka za m'ma 200 BC, kenaka m'Chipangano Chatsopano. Ngakhale m'Baibulomo, mawuwa sanapatulidwe monga timamvera pa guwa. Pa 2 Samueli 13:15, m'Baibulo la Chigiriki lija, chikondi cha Amnoni pa Tamara, amene anamugwiririra n'kumuthamangitsa, chikutchedwa agape. Pa 2 Timoteyo 4:10, Dema anasiya Paulo chifukwa chokonda dziko lino, ndipo mneni wake ndi agapao. Pa Yohane 3:35 Atate akonda Mwana ndi agapao, pa Yohane 5:20 Atate akonda Mwana ndi phileo. Kulemera kwa agape kumachokera m'zimene Paulo ndi Yohane anaphunzitsa za chikondicho, osati m'mawuwo pawokha.

Plato asanabadwe, Agiriki ankaona chikondi ngati mphamvu yoyendetsa chilengedwe. Hesiod, wolemba ndakatulo wa cha m'ma 700 BC, anaika Eros m'gulu la milungu yoyambirira, n'kumutcha wolefula ziwalo ndi wogonjetsa nzeru za milungu ndi anthu omwe. Empedocles wa ku Akragas pa chilumba cha Sicily anaphunzitsa kuti zonse zinapangidwa ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto, ndipo Chikondi chimasonkhanitsa zinayizi pamene Udani umazimwaza.

Buku limene funso lanu lagonapo kwambiri ndi Symposium la Plato, kutanthauza phwando lomwera limodzi. Nkhani yake ikuchitika mu 416 BC kunyumba kwa Agathon, wolemba masewero amene anali atangopambana mpikisano. Alendo anali atamwa kwambiri dzulo lake, choncho anagwirizana zomwa pang'ono, n'kumalankhula mosinthana mawu otamanda Eros. Pali chinthu chimene owerenga ambiri sauzidwa, ndipo inu monga mlangizi muyenera kuchidziwa. Chikondi chimene amuna a paphwandopo ankakamba kwambiri sichinali cha mwamuna ndi mkazi wake. Ku Athens ukwati ankakonza ndi makolo, mtsikana wa zaka 14 kapena 15 ankakwatiwa ndi mwamuna wa zaka pafupifupi 30, ndipo cholinga chinali kubala olowa m'malo ndi kusunga chuma cha banja. Eros imene ankaitamanda inali ya mwamuna wamkulu pa mnyamata amene ndevu zisanamere. Lero timati kumeneko ndi kupondereza ana, ndipo ndi momwemo ndithu. Plato mwiniwake, m'buku lake lomaliza lonena za malamulo, anatsutsa kugonana kotere. Mfundo za m'bukuli n'zakuya, koma sizinalembedwere anthu okonzekera ukwati.

Olankhula oyamba tiwadutse msanga. Phaedrus anati chikondi chimapatsa munthu manyazi ochita zoipa pamaso pa wokondedwa, n'kumulimbitsa mtima mpaka kufera mnzake, monga Alcestis amene anafa m'malo mwa mwamuna wake. Pausanias anagawa eros pawiri, ya wamba yofuna thupi ndi yakumwamba yofuna mtima. Eryximachus, amene anali sing'anga, anati chikondi ndi kugwirizana kwa zinthu zotsutsana, m'thupi, m'nyimbo ndi m'nyengo.

Nthano imene inafika kutali ndi ya Aristophanes, wolemba masewero oseketsa. Iye anati kalekale anthu anali obulungira, a manja anayi, miyendo inayi ndi nkhope ziwiri. Atayamba kudzikuza n'kufuna kulimbana ndi milungu, Zeus, mfumu ya milungu, anawadula pakati monga mmene amadulira dzira ndi tsitsi, ndipo mulungu wina, Apollo, anakoka khungu n'kulimanga pamimba, pamene pali mchombo. Kuyambira pamenepo theka lililonse limayendayenda kufuna linzake, ndipo akapezana safuna kulekananso. Chikondi, anatero iye, ndi dzina la kulakalaka kukhalanso wathunthu. Mukamva mnyamata akunena kuti pa dziko lonse pali mmodzi yekha amene anamulengera, dziwani kuti maganizowo ali pafupi ndi nthano imeneyi. Anthu ambiri amaitchula ngati chiphunzitso cha Plato, chonsecho Plato anaiika m'kamwa mwa munthu wina kuti aitsutse patsogolo pake.

Socrates, mphunzitsi wa Plato, atatenga mawu, anayamba ndi kufunsa Agathon mafunso. Kodi chikondi ndi chikondi cha chinachake, kapena cha chabe? Cha chinachake. Kodi munthu amalakalaka chimene ali nacho kale, kapena chimene alibe? Chimene alibe, ndipo ngati ali nacho, amalakalaka kuti akhale nachobe mawa. Ndiye kuti Eros, amene amafuna kukongola ndi ubwino, iye mwini si wokongola, komanso si mulungu, poti mulungu sasowa kanthu. Apa mpamene pali phata la Plato: chikondi chimayamba ndi kusowa.

Socrates anati zimenezi anaziphunzira kwa mayi wina wanzeru wa ku Mantinea, dzina lake Diotima. Mayiyu anafotokoza kuti pa phwando la kubadwa kwa Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi, Poros, amene dzina lake litanthauza luso lopeza njira, analedzera n'kugona m'munda wa Zeus. Penia, kutanthauza Umphawi, amene anabwera kudzapempha pakhomo, anagona pambali pake n'kutenga pakati. Mwana wake ndiye Eros. Anatengera mayi ake: ndi wosauka, woyenda wopanda nsapato, wogona panja m'makomo mwa eni. Anatengeranso bambo ake: ndi wolimba mtima, mlenje wochenjera, wosatha nzeru. Zimene wapeza lero mawa zamupulumuka. Ali pakati pa umbuli ndi nzeru, pakati pa anthu ndi milungu, ndipo Diotima akumutcha daimon, mzimu wapakati wonyamula mapemphero kupita nawo kumwamba. Mawuwa musawamve ngati chiwanda, tanthauzo loipalo linabwera pambuyo pake.

Kenaka Diotima anagwetsa nthano ya Aristophanes ndi chitsanzo chimodzi. Anthu amalola kudulidwa phazi kapena dzanja lawo lomwe likawola. Ndiye kuti chimene timakonda si chinthu chifukwa ndi chathu kapena ndi theka lathu, koma chifukwa ndi chabwino. Chikondi ndi kufuna kukhala ndi chabwino mpaka muyaya. Koma munthu amafa, nanga muyayawo aupeza bwanji? Yankho lake ndi kubala. Ntchito ya chikondi, anatero Diotima, ndi kubala m'chokongola, m'thupi ndi mumtima momwe. Ena ali ndi pakati m'thupi, amabala ana kuti dzina lisafe. Ena ali ndi pakati mumtima, ndipo akakumana ndi munthu wokongola mtima amayamba kutulutsa mawu abwino, maphunziro, ndakatulo ndi malamulo. Iye anatchula Homer ndi Hesiod pa ndakatulo, Lycurgus wa ku Sparta ndi Solon wa ku Athens pa malamulo, kuti ana awo akhalitsa kuposa ana a thupi.

Pamenepo mpamene pakubwera makwerero otchuka a chikondi. Munthu amayamba ndi kukonda thupi limodzi lokongola. Akazindikira kuti kukongola kwa thupi ili n'kwachibale ndi kwa thupi lina, amakonda kukongola kwa matupi onse, ndipo moto wa pa mmodzi uja umachepa. Kenaka amaona kuti kukongola kwa mtima kumaposa kwa thupi, moti akhoza kukonda munthu wa mtima wabwino ngakhale nkhope isali yodolola. Kuchoka apo amaona kukongola kwa miyambo ndi malamulo abwino, kenaka kwa maphunziro osiyanasiyana, mpaka pomaliza amaona Kukongola kwenikweniko, kosabadwa ndi kosafa, kosakula ndi kosachepa, kumene sikukhala kokongola kuno n'kukhala konyansa uko. Zinthu zonse zokongola zimangotapako kumeneko. Sitepe iliyonse imafuna wotsogolera, ndipo munthu sangalumphe yoyamba, poti popanda kugwidwa mtima ndi munthu mmodzi ulendowo suyamba n'komwe.

Plato sanalekere pamwamba pa makwereropo. Socrates atangomaliza, Alcibiades, wandale wotchuka wa ku Athens, analowa ataledzera, n'kuyamba kusimba za chikondi chake pa Socrates. Iye anali wokongola kwambiri, ndipo anaganiza zogula nzeru za Socrates ndi thupi lake. Socrates anamuuza kuti kumeneko n'kufuna golide posinthanitsa ndi mkuwa, ndipo usiku umene anafunda chofunda chimodzi panalibe chinachitika choposa kugona pambali pa bambo kapena mkulu wako. Alcibiades anaulula kuti Socrates yekha ndiye amamuchititsa manyazi, koma akangochoka pamaso pake amatseka makutu n'kuthamangira ulemu wa khamu la anthu. Owerenga oyamba ankadziwa mathero ake: chaka chotsatira, mu 415 BC, anali mmodzi wa atsogoleri a nkhondo ya ku Sicily, kenaka anathawira kwa adani ku Sparta. Apa Plato akuonetsa pamene zinthu zimalakwika. Munthu akhoza kuona ubwino mwa wina, n'kuulakalaka ndi mtima wonse, koma n'kufuna kuutenga ngati katundu m'malo mosintha moyo wake.

Makwererowa ali ndi chilema, ndipo sindikufuna kuchibisa. Katswiri wina wa Plato, Gregory Vlastos, analemba mu 1973 kuti pa makwerero amenewa munthu sakondedwa monga iye mwini, chimene chimakondedwa ndi kukongola kumene kuli mwa iye. Ine ndikuona kuti mlanduwu ndi waukulu. Mkazi amene wangokhala sitepe yoti mwamuna apondepo pokwera kumwamba ali ndi chifukwa chodandaulira. M'buku lina, Phaedrus, Plato anafewetsako zimenezi. Kumeneko chikondi ndi misala yochokera kwa milungu, ndipo mtima wa munthu uli ngati ngolo yokokedwa ndi akavalo awiri, woyera womvera ndi wakuda waliuma. Wokondedwa akaonekera, wakudayo amakokera kukagona naye, ndipo woyendetsa amakoka chingwe mpaka kukamwa kwa kavaloyo kutuluka magazi, osati kamodzi koma kambirimbiri, mpaka atazolowera. Akapambana, okondanawo amakhala limodzi moyo wonse, wokondedwayo akudziona mwa mnzake ngati pa kalilole. Mawu oti "chikondi cha Plato", kutanthauza chikondi chopanda kugonana, anayamba ndi Marsilio Ficino wa ku Florence m'zaka za m'ma 1400. Kwa Plato mwini, chilakolako sichichotsedwa, chimawongoleredwa.

Pa ntchito yanu ya ulangizi, Aristotle ndiye angakuthandizeni kwambiri. Iye anabadwa mu 384 BC, anaphunzira kwa Plato zaka pafupifupi 20, ndipo anamwalira mu 322 BC. Buku lake la makhalidwe, Nicomachean Ethics, lili ndi magawo 10, ndipo awiri athunthu, la 8 ndi la 9, akukamba za philia. Akuyamba ndi kunena kuti palibe amene angasankhe kukhala wopanda abwenzi ngakhale atakhala ndi zabwino zina zonse. Kuti philia ikhalepo pamafunika zinthu zitatu: kufunira mnzako zabwino, iyenso kukufunira zabwino, ndipo nonse awiri kudziwa kuti zili choncho. N'chifukwa chake munthu sangakhale pa ubwenzi ndi vinyo, vinyo sangamubwezere. Ndiponso kukomera mtima munthu amene sakudziwa n'komwe ndi chiyambi chabe, si ubwenzi.

Kugawa kumene Aristotle anachitadi ndi kwa patatu, potsata chimene munthu akukonda mwa mnzake. Pali ubwenzi wa phindu, umene iye akuti umapezeka kwambiri pakati pa okalamba ndi anthu ofuna kupeza. Uwu ndiwo makolo athu anautcha chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Umatha phindu likatha, ndipo ndiwo umadzadza madandaulo, chifukwa aliyense amaona kuti walandira zochepa kuposa zimene anapereka. Pali ubwenzi wa chisangalalo, wa achinyamata, umene umayaka msanga n'kuzima msanga poti zokonda za munthu zimasintha akamakula. Iye akuti achinyamata amatha kukonda ndi kuleka tsiku lomwelo. Wachitatu ndi wa anthu abwino okondana chifukwa cha khalidwe, aliyense akufunira mnzake zabwino chifukwa cha mnzakeyo, osati chifukwa cha zimene apezepo. Uwu umakhalitsa poti khalidwe silisintha ngati nkhope kapena thumba, ndipo umabweretsanso phindu ndi chisangalalo chomwe. Koma ndi wosowa, ndipo umafuna nthawi. Aristotle anatchula mwambi wa kwawo woti anthu sadziwana asanadyere limodzi mchere wambiri. Kufuna ubwenzi kumabwera msanga, ubwenzi weniweni ayi.

Pa za okondana, iye anafotokoza bwino pamene pamathyokera. Wina amakondwera ndi nkhope, mnzake amakondwera ndi kusamalidwa ndi mphatso. Nkhope ikafota, kapena mphatso zikaleka, aliyense amaona kuti wanamizidwa. Koma akuti ambiri amapitirira ngati pa kukhalira limodzi kuja anafika pokonda khalidwe la wina ndi mnzake. Mikangano yambiri, akutero, imabuka pamene anthu ali pa ubwenzi wa mtundu wina koma akuganiza kuti ali pa wina. Funso loti achinyamata anu adzifunse lili pomwepa: mwa mnzangayu ndikukonda chiyani, ndipo iye akuganiza kuti ndikukonda chiyani?

Za banja ananenanso mwachindunji. Munthu mwachibadwa ndi wokhala awiriawiri asanakhale wa mzinda, ndipo anthu sakwatirana chifukwa cha ana okha koma kuti athandizane pa zofunika za moyo, aliyense akuika zake pamodzi. Ana ndi chomangira, n'chifukwa chake opanda ana amalekana msanga. Kumeneku kunali kuona kwake kwa zimene zinkachitika, si lamulo, ndipo musalole kuti wina atengepo chifukwa chonyozera banja losabereka. Aristotle ankakhulupiriranso kuti mwamuna ndi woposa mkazi mwachibadwa, ndipo pamenepa analakwa. Komabe m'mawu ake a chuma cha masiye anapempha kuti mafupa a mkazi wake Pythias adzaikidwe pamodzi ndi ake, monga mayiyo anafunira.

Mfundo yake imene imayandikira kwambiri zimene mumatcha agape ndi yoti philia ili m'kukonda koposa m'kukondedwa. Umboni wake ndi amayi amene amapereka mwana kuti akaleredwe kwina: amamukondabe, safuna kubwezeredwa, kuona kuti mwanayo ali bwino kumawakwanira. Anaonanso kuti wothandiza amakonda wothandizidwa koposa mmene wothandizidwayo amamukondera, monga mmisiri amakondera ntchito ya manja ake, chifukwa chimene wachivutikira chimasanduka mbali ya moyo wako. Mnzako akaipa, akuti usathamangire kumusiya, yamba wayesa kumuwongola, poti kumupulumutsa pa khalidwe n'kofunika kuposa kumupulumutsa pa chuma. Zikakanika ndithu ukhoza kuchoka, koma osaiwala kuti munali pamodzi. Kwa iye ntchito ya chikondi ndi kukhalira limodzi, kukambirana ndi kuganiza pamodzi, osati kungodyera malo amodzi ngati ng'ombe, pakuti bwenzi ndi iwe wina amene umadzionerapo.

Epicurus, amene anatsegula sukulu yake m'munda ku Athens cha m'ma 306 BC, ankaopa eros. Cholinga cha moyo kwa iye chinali mtima wabata, ndipo chilakolako chimabweretsa nsanje ndi nkhawa. Anati kugonana sikunapindulitsepo munthu, ndi mwayi ngati sikunamupweteke. Koma ubwenzi anauika pamwamba pa zonse zimene nzeru ingapezere munthu, ndipo m'munda mwake ankalandira akazi ndi akapolo omwe.

Asitoiki, otsatira a Zeno wa ku Citium, ndiwo anapatsa chikondi cha pabanja malo aakulu. Ankati cholengedwa chilichonse chimayamba ndi kudzisamala, kenaka chimaona ana ake ngati mbali yake, ndipo munthu woganiza amafutukula zimenezi mpaka kwa anthu onse. Hierocles, mmodzi wa iwo, anazijambula ngati mizere yozungulira: iwe pakati, kenaka a m'nyumba mwako, abale, a m'mudzi, a m'dziko, anthu onse, ndipo ntchito ndi kukokera mizere yakunja m'kati, mpaka kuitana msuweni kuti m'bale. Ife amene timaitana mng'ono wa mayi athu kuti mayi aang'ono sitingadabwe nazo. Anthu amawanena Asitoiki kuti ndi ouma mtima chifukwa Epictetus, mmodzi wa iwo, amene anabadwa kapolo ndipo ankaphunzitsa cha m'ma 100 AD, anati popsompsona mwana wako uzikumbukira kuti ukupsompsona munthu woti adzafa. Koma Epictetus yemweyo anachezeredwa ndi bambo wina amene anathawa panyumba mwana wake wamkazi atadwala kwambiri, ati chifukwa ankamukonda kwambiri moti sakanapirira kumuona akuvutika. Epictetus anamufunsa ngati mayi a mwanayo samukonda, ngati mlezi wake samukonda, ndipo ngati onsewo akanayenera kuthawanso kuti mwanayo afere m'manja mwa anthu osamukonda. Pomaliza anamufunsa ngati iye atadwala angafune kuti mkazi wake ndi ana ake amukonde mwa njira yomweyo, n'kumusiya yekha m'nyumba. Bamboyo anayankha kuti ayi.